Puloti ya pakona ndi milandu yakale imene loya anatiwerengera

Ndinadziwa kuti pa puloti ya pakona, yogundana mpanda ndi nyumba yanga, pamangidwa malo omwetsera mafuta a galimoto tsiku limene lole inatsitsa malata ndipo anyamata anayamba kukhoma mpanda wotchinga. Palibe kalata imene inandipeza, palibe amene anagogoda pa geti kudzandiuza, ndipo nditafunsa mmodzi mwa anyamatawo kuti akumanga chiyani, anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Amayi, ife tangouzidwa kuti tikumbe maenje a mathanki, zambiri akudziwa ndi abwana." Mawu akuti mathanki ndi amene anandisowetsa tulo usiku umenewo.

Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito. Kwathu ndi ku Katete, koma ndakhala mu Lusaka zaka zambiri, ndipo nyumba ndikunenayi ili chakum'mawa kwa mzinda, m'dera limene mapuloti onse anadulidwa kuti akhale a nyumba zogonamo anthu. Monga mabanja ambiri a kuno, madzi akumwa timapopa m'chitsime chathu chobowola ndi makina. Aliyense amene anakumbitsapo chitsime mu Lusaka amadziwa kuti mbali yaikulu ya mzindawu inakhala pa thanthwe la laimu lodzaza ming'alu ndi mphako, moti chimene chalowa pansi pa puloti imodzi sichichedwa kupezeka m'madzi a puloti ina. Kolera wa 2017 mpaka 2018 anatikumbutsa zimenezi mowawa, pamene zimbudzi zokumba ndi zitsime zosazama zinapezeka kuti zikumwetsana m'makomboni monga Kanyama. Chitsime changa chinali mamita osakwana 20 kuchokera pamene anyamata aja anali atakhoma zikhomo za dzenje loyamba.

Ofesi imene inapereka chilolezo sindiitchula dzina, kampani yomangayo sindiitchulanso, chifukwa nkhani inatha ndipo cholinga changa n'chakuti munthu wina amene malata angamudzidzimutse monga anandidzidzimutsira ine asataye nthawi m'njira zimene ife tinatayiramo yathu.

Tinataya pafupifupi masabata asanu ndi awiri. Tinalemba chikalata chodandaula, anthu a m'misewu itatu anasaina, tinapita nacho kwa khansala, tinayankhulapo pa wailesi m'pulogalamu ya m'mawa yoimba foni, ndipo tinkakumana madzulo aliwonse a Lamlungu pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo panga n'kumauzana kuti zimenezi sizingatheke. Nthawi yonseyo maenje ankazama. Amene anatitsegula m'maso ndi mtsikana wina wa mu mphakati wathu, amene ndinamuphunzitsapo ku pulayimale ndipo tsopano ndi loya. Atawerenga chikalata chathu chamasamba anayi, anachiika pa tebulo n'kunena kuti, "Amayi, zonse mwalembazi n'zoona, koma palibe ngakhale chimodzi chimene jaji adzakufunseni. Jaji sadzafunsa ngati malo omwetsera mafuta akuyenera kukhala pakona panu. Adzafunsa kuti amene anavomereza anayenda njira yotani kuti afike pa chiganizocho, ndipo choyamba penipeni adzafunsa kuti chilolezocho chinasainidwa liti."

Funso la tsikulo ndilo linandiopsa, chifukwa palibe mmodzi wa ife amene ankalidziwa. Anatifotokozera kuti njira yopempha khoti lalikulu kuti liunike chiganizo cha ofesi ya boma kapena ya khonsolo, imene maloya amaitcha judicial review, kuno ku Zambia imayendera malamulo a makhoti a ku England olembedwa mu Order 53, m'buku la 1999 limene iwo amangolitcha White Book. Khoti la Supreme linatsimikiza zimenezi mu 2003 pa mlandu wa Dean Mung'omba ndi anzake wotsutsana ndi Peter Machungwa ndi anzake, ponena kuti malamulo a khoti lathu lalikulu alibe ndondomeko yawoyawo ya nkhani zoterezi. Malinga ndi Order 53, wodandaula amayamba wapempha chilolezo cha jaji kuti mlandu ulowe, ndipo ayenera kutero mwachangu, pasanathe miyezi itatu kuchokera pamene chiganizo chinapangidwa, osati kuchokera pamene iye wachimva. Jaji angathe kuwonjezera nthawi ngati pali chifukwa chomveka, koma zimenezo n'zopempha, si ufulu. Kwathu timati mlandu suola, koma wamtunduwu umaola, ndipo wathu unali utayamba kale kununkha.

Wina angadabwe kuti milandu ya ku England ikulowa bwanji m'nkhani ya puloti ya mu Lusaka. Nanenso ndinadabwa. Dziko lathu linatengera malamulo a Angerezi, ndipo pali lamulo la nyumba ya malamulo limene limanena kuti malamulo omangidwa pa zigamulo za makhoti a ku England, pamodzi ndi malamulo ena amene ankagwira ntchito kumeneko pa 17 August 1911, amagwira ntchito kuno pokhapokha ngati athu anena zina. Chigamulo cha khoti lathu la Supreme chimamanga majaji onse a pansi pake, pamene chigamulo cha masiku ano cha ku London sichiwamanga, koma amachimvera ngati uphungu wa mkulu wa mudzi woyandikana amene anaweruzapo nkhani yofanana. Choncho loya wanzeru amayamba ndi mlandu wa kuno, kenako amabweretsa wa kunja kuti uthandize pamene wa kuno sunafike.

Mlandu woyamba umene anatiwerengera unandikhumudwitsa. Mu 1947, khonsolo ya tauni ya Wednesbury, pafupi ndi Birmingham, inalola kampani ina kuonetsa kanema tsiku la Lamlungu, koma inaika lamulo lakuti ana osakwana zaka 15 asalowe, kaya ali ndi munthu wamkulu kapena ayi. Kampaniyo inapita ku khoti kukanena kuti lamulolo n'lopanda nzeru. Jaji Lord Greene anagamula kuti khoti si malo ochitira apilo pa nzeru za khonsolo. Lingalowerere ngati khonsolo yaganizira zinthu zimene sinayenere kuziganizira, kapena yasiya zimene inayenera kuziganizira, kapena ngati chiganizo chake n'chopanda mutu kwambiri moti palibe khonsolo yoganiza bwino imene ingachipange. Kampaniyo inaluza. Ine ndinati, "Nanga kuika mathanki a petulo pambali pa chitsime cha anthu si kupanda mutu kumeneko?" Loya anaseka pang'ono n'kuti, "Amayi, mu Lusaka muno muli malo omwetsera mafuta angati amene agundana mipanda ndi nyumba? Mukauza jaji kuti palibe ofesi yoganiza bwino imene ingavomereze zotere, a mbali inayo adzangomuwerengera amene waadutsa pobwera ku khoti m'mawa womwewo."

Zifukwa zimene khoti lingafafanizire chiganizo anaziika m'magulu atatu ndi jaji Lord Diplock mu 1984, pa mlandu umene unabuka boma la Margaret Thatcher litaletsa ogwira ntchito pa likulu la zaukazitape la GCHQ, ku Cheltenham, kukhala m'mabungwe a apantchito. Gulu loyamba ndi kuchita zimene lamulo silinakupatse mphamvu kapena kulimva lamulo molakwa, lachiwiri ndi kupanda mutu kwa mtundu wa Wednesbury kuja, ndipo lachitatu ndi kuphonya ndondomeko, monga kusamvera anthu amene lamulo likuti amvedwe. Magulu atatuwa analowa m'malamulo athu kudzera pa mlandu wa Derrick Chitala wotsutsana ndi Attorney General, loya wamkulu wa boma, mu 1995, pa nthawi ya mkangano wa kasinthidwe ka malamulo oyendetsera dziko, jaji wamkulu ali Matthew Ngulube. Mu 2004, pa mlandu wa Nyampala Safaris ndi makampani ena wotsutsana ndi bungwe loona za nyama zakuthengo, khoti la Supreme linabwerezanso kuti ntchito ya khoti pa nkhani zotere ndi kuona kayendetsedwe ka chiganizo, osati ubwino kapena kuipa kwake. Ndinazindikira pambuyo pake kuti milandu yambiri yotchuka imene maloya amanyamula popita kukatsutsa boma ndi milandu imene odandaula analuza. Kampani ya kanema inaluza, mabungwe a ku Cheltenham analuza, a Chitala analuza. Anatisiyira njira, koma eni akewo sanafike nayo kumene ankafuna.

Pa nkhani ya mapulani a malo penipeni, mlandu umene umatchulidwa kawirikawiri ndi wa Tesco wa 1995. Kampani ya masitolo imeneyi inkafuna kumanga sitolo yaikulu m'tauni ya Witney, ndipo inalonjeza kupereka mapaundi 6.6 miliyoni omangira msewu watsopano wa m'tauniyo. Nduna inaona lonjezolo koma inati silikugwirizana kwenikweni ndi sitoloyo, inalipatsa mphamvu yochepa, ndipo inakana pempho la Tesco. House of Lords, lomwe linali khoti lalikulu kwambiri ku Britain nthawi imeneyo, linagamula kuti funso lakuti chinthu chikuyenera kuganiziridwa kapena ayi ndi la khoti, koma funso lakuti chinthucho n'cholemera motani pa sikelo ndi la woweruza mapulani yekha. Kwa ife tanthauzo lake linali lakuti ngati komiti inawerenga za zitsime zathu n'kuona kuti ntchito ndi chitukuko zikuposa, khoti silikanatithandiza. Koma ngati sinamvepo n'komwe za zitsimezo, pamenepo panali pogwira. Choncho nkhani yonse inagona pa zimene zinali mu failo.

Failoyo ndinakaiona ndekha, ndipo ndinapitako maulendo anayi. Ulendo woyamba anati woyang'anira mafailo wapita ku maliro, wachiwiri anati ndilembe kalata, wachitatu anati kalata yanga ili pa tebulo la abwana. Ulendo wachinayi ndinanyamula kalata ya loya, ndinafika ofesi isanatsegulidwe, ndinakhala pa benchi ndi nsalu yanga yoluka mpaka kalaliki wina wachikulire anandimvera chisoni n'kuti, "Amayi, lowani mukhale apa, koma musachotse pepala lililonse." Failo inali yabuluu, yomangidwa ndi chingwe, ndipo ndinaiwerenga tsamba ndi tsamba monga ndinkachongera mayeso a ana, ndikulemba m'kope tsiku lililonse limene linali pa chidindo. Munali pempho losintha kagwiritsidwe ntchito ka puloti kuchoka ku nyumba kupita ku malonda, munali mapu, munali lipoti la tsamba limodzi ndi theka la mkulu wa mapulani, limene linakamba za msewu ndi poimika galimoto koma osatchula madzi a pansi ngakhale kamodzi. Munalinso zolembedwa za msonkhano wa komiti, zokhala ndi mzere umodzi wonena kuti palibe amene anatsutsa. Kumapeto kwenikweni anamata kachidutswa ka nyuzipepala, chidziwitso chaching'ono ngati mabokosi awiri a machesi. Nditachiwerenga kachiwiri ndinaona kuti nambala ya puloti inali yolakwika. Manambala awiri anasinthana malo, moti chidziwitsocho chinkanena za puloti ina ya kutali, kutsidya kwa msewu waukulu. Ngakhale munthu wa mumsewu wathu akanagula nyuzipepala tsiku limenelo n'kuwerenga mpaka tsamba la zidziwitso, sakanadziwa kuti akunena za pakona pathu. Chithunzi kapena umboni wakuti chikwangwani chinaikidwapo pa pulotipo munalibe. Tsiku la chilolezo linasonyeza kuti tinali titatsala ndi masiku osakwana 20 kuti miyezi itatu ikwane.

Lamulo limene limayendetsa nkhanizi ndi Urban and Regional Planning Act nambala 3 ya 2015, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act lakale. Limafuna kuti pempho losintha kagwiritsidwe ntchito ka malo lilengezedwe kuti anthu okhudzidwa apereke maganizo awo chiganizo chisanapangidwe, n'chifukwa chake mumaona tizidziwitso timeneti m'nyuzipepala za tsiku ndi tsiku. Loya ataona kope langa anati tsopano tili ndi mlandu, ndipo sunali wa kupanda mutu ayi, unali wa gulu lachitatu ndi loyamba: anthu sanadziwitsidwe monga lamulo likufunira, ndipo komiti inagamula isanaganizire chinthu chimene inayenera kuchiganizira.

Pofuna kusonyeza chimene kumvera anthu kumatanthauza, anabweretsa mlandu wa Gunning wa 1985, umene unandikoma mtima chifukwa ndi wa sukulu. Khonsolo ya Brent, mu London, inaganiza zotseka ndi kuphatikiza sukulu zina itapatsa makolo nthawi yochepa kwambiri yoti anenepo. Khoti linafafaniza chiganizocho, ndipo linavomereza kuti kufunsa anthu koona kumachitika nkhani isanatsirizidwe, kumawapatsa zifukwa zokwanira kuti ayankhe mozindikira, kumawapatsa nthawi yokwanira, ndipo zimene ayankha zimaganiziridwa moona mtima. Kwa ife ngakhale khomo loyamba silinatsegulidwe.

Loya ankadziwa kale chimene a mbali inayo adzanene, ndipo ananenadi. Anati ngakhale tikanadziwitsidwa, chilolezo chikanaperekedwabe, choncho kulakwitsa nambala sikunasinthe kanthu. Yankho lake linachokera ku mlandu wa Berkeley wa 2000. Timu ya mpira ya Fulham inapatsidwa chilolezo chomanganso bwalo lake la Craven Cottage, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, pamodzi ndi nyumba zogona, popanda lipoti lofunika la mmene ntchitoyo ikhudzire chilengedwe. Mayi wina wa m'deralo anatsutsa. Boma linati mfundo zonse zinalipo kale m'mapepala osiyanasiyana, ndipo makhoti a pansi anati chiganizo sichikanasintha. House of Lords inafafaniza chilolezocho, ndipo Lord Hoffmann anafotokoza kuti chimene lamulo likuteteza si chiganizo cholondola chokha, komanso mwayi wa munthu wamba wonena maganizo ake, ndipo munthuyo sayenera kuchita kusakasaka mapepala omwazikana kuti adziwe zimene zikukonzedwa. Loya wathu anatichenjeza moona mtima kuti mlanduwu unatsamira pa malamulo a ku Ulaya amene kuno sagwira ntchito, choncho jaji akanatha kuumvera kapena kuukankhira pambali. Anauyika pamodzi ndi Environmental Management Act nambala 12 ya 2011, imene imanena kuti munthu aliyense wokhala mu Zambia ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo, otetezeka ndi athanzi.

Panali mkangano pakati pa ife tokha umene ndiyenera kuutchula. Abambo ena a mumsewu wathu ankafuna kuti m'chikalata cholumbira tilembe kuti panayenda ziphuphu, ndiponso kuti tipemphe khoti lilande taitolo ya pulotiyo. Loya anakana kwamtuwagalu. Anati katangale amafunika umboni wamphamvu kuposa wa milandu wamba, ndipo "aliyense akudziwa" si umboni. Za taitolo anatiuza za mlandu wa 2008 wa Anti-Corruption Commission, bungwe lolimbana ndi katangale, wotsutsana ndi Barnnet Development Corporation, pamene khoti la Supreme linanena kuti taitolo ndi umboni wokwanira wa umwini wa malo, ndipo ingafafanizidwe pokhapokha ngati yapezeka mwachinyengo kapena m'njira yosayenera. Mwini puloti ya pakona anaigula bwinobwino. Kukhala ndi taitolo ya zaka 99 ndi nkhani ina, kuloledwa kumangapo chimene ukufuna ndi nkhani inanso, ndipo ife tinkalimbana ndi yachiwiriyo basi. Mmodzi wa abambowo anakwiya n'kusiya kusonkha nawo ndalama, ndipo mpaka lero timangopatsana moni wapamsewu.

Chimene chinatsala pang'ono kutimiza ndi funso lakuti talowera khomo loyenera kapena ayi. Lamulo la 2015 lija linakonza mabwalo apadera omva maapilo a nkhani za mapulani, ndipo palinso Lands Tribunal imene imamva mikangano ya malo. Mu 2001, pa mlandu wa New Plast Industries wotsutsana ndi Commissioner of Lands, khoti la Supreme linagamula kuti njira yoyambira mlandu imatengera zimene lamulo lokhudza nkhaniyo lalemba, osati zimene wodandaula akufuna, ndipo pamene lamulo lakonza apilo, munthu sangathawire ku judicial review. Kampaniyo inaluza pa chifukwa chimenecho chokha. Maloya a mbali inayo anaunyamula mlanduwu tsiku loyamba lomwe. Wathu anayankha kuti munthu amene sanadziwitsidwe kuti pali pempho, ndiponso sanapatsidwe chiganizo, sangachite apilo pa chinthu chimene anamubisira. Jaji sanafike pogamula mfundoyi chifukwa cha zimene ndinene kutsogoloku, choncho aliyense amene ali ndi nkhani ngati yathu afunse loya wake funso la khomo lolowera asanafunse lina lililonse.

Pa nthawi yodikirayo ndinkaganiza kwambiri za nkhani ya mgodi wa kopa wa ku Lower Zambezi, imene tonse tinkaimva pa wailesi. Mu 2012 ZEMA, ofesi ya boma yoona za chilengedwe, inakana lipoti la zachilengedwe la mgodiwo, kumayambiriro kwa 2014 nduna inasintha chiganizocho, ndipo oteteza chilengedwe anapita ku khoti lalikulu. Mu 2019 mlanduwo unathetsedwa chifukwa mapepala a apilo sanaperekedwe monga khoti linkafunira, ndipo mu 2021 khoti la apilo linakana kuudzutsa. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, palibe jaji amene anagamulapo ngati mgodi ukuyenera kukhala m'nkhalango yotetezedwa. Chimene chinaimitsa ntchitoyo mu 2023 si khoti, koma ZEMA yomwe ija. Kuyambira pamene ndinamvetsa zimenezi, ndinkaimbira loya foni Lolemba lililonse kumufunsa ngati pali pepala limene tsiku lake layandikira, ndipo iye, pokhala mwana amene ndinamuphunzitsa kulemba, ankandipirira.

Jaji atatipatsa chilolezo choti mlandu ulowe, analamulanso kuti chilolezo chomangira chiyambe chaima mpaka mlandu utamvedwa. Mphamvu yoimitsa chiganizo motere inatsimikizidwa ndi khoti la Supreme m'zaka za m'ma 1990 pa mlandu wa Wynter Kabimba. Tikanafuna chiletso cholunjika kwa womangayo, tikanayenera kukwaniritsa zimene mlandu wa Shell ndi BP wotsutsana ndi Conidaris wa 1975 umafuna, zakuti ufulu wako uoneke poyera ndipo usonyeze kuti kuwonongeka kumene ukuopa sikungalipidwe ndi ndalama. Wopempha chiletso amalonjezanso kulipira zimene winayo wataya ngati pamapeto aluza, ndipo pa ntchito ya mathanki ndi simenti lonjezo limenelo likanadya nyumba yanga. Ngakhale popanda zimenezo, ndalama zinatipweteka. Mabanja 11 tinkasonkha mwezi ndi mwezi monga timachitira chilimba, ndipo loya anatiuza poyera kuti woluza nthawi zambiri amalipira maloya a mbali zonse. Amene alibe pogwira angayambire ku Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza osowa ndalama za loya, ndipo zigamulo zambiri za makhoti athu munthu angaziwerenge kwaulere pa intaneti, pa ZambiaLII.

Mlandu sunafike pomvedwa wonse. Ofesi ija itayankha m'chikalata chake cholumbira, sinathe kukana za nambala yolakwika, ndipo patapita miyezi ingapo maloya a mbali zonse anagwirizana kuti chilolezo chifafanizidwe, pempho lilengezedwe mwatsopano, ndipo mbali iliyonse ilipire loya wake. Jaji anasaina mgwirizanowo. Madzulo a tsikulo amayi a mumsewu wathu analulutira, wina anapha nkhuku, ndipo ine ndekha ndi amene ndinakhala chete, chifukwa loya anali atandiuza kale m'galimoto kuti, "Amayi, musauze anthu kuti tapambana. Tangobwezera mpira pakati pa bwalo."

Ulendo wachiwiri tinadziwa kalembedwe. Sitinalembenso za mtendere wa dera lathu kapena za zaka zimene takhalamo. Tinajambula mapu osonyeza chitsime chilichonse cha mumsewu ndi mtunda wake kuchokera ku maenje, tinalipira katswiri wa madzi a pansi kuti alembe lipoti lalifupi la kuya kwa madzi ndi kumene amalowera, tinawerenga ana a sukulu amene amawoloka pakonapo m'mawa, ndipo aliyense anapereka kalata yakeyake n'kudindidwa chidindo cha tsiku pa kope lotsala nalo. Komiti inatiitana n'kutimvera pafupifupi ola lathunthu.

Chilolezo chinaperekedwanso. Ndikulemba zimenezi mosabisa chifukwa ambiri amene amandifunsa amaganiza kuti tinathamangitsa kampaniyo. Koma chinatuluka ndi malamulo amene poyamba panalibe: mathanki asunthidwe kupita mbali ya msewu waukulu, kutali ndi zitsime, akhale a makoma awiri, pakumbidwe kachitsime koyezera madzi pakati pa mathanki ndi mpanda wanga, galimoto zilowere ku msewu waukulu osati ku wathu, ndipo thanki yobweretsa mafuta isatsitse usiku. Anansi ena anafuna kuti tikakamize komiti iwonjezere lamulo lakuti kampaniyo ithire phula msewu wathu wonse ndi kumanga polisi yaing'ono. Apa loya anatulutsa mlandu wake womaliza, wa Newbury wa 1980. Kampani ina inaloledwa kusungira mphira m'mashedi akale a ndege, koma khonsolo inaika lamulo lakuti pakatha zaka zoikika mashediwo agwetsedwe. House of Lords inati lamulolo n'losagwira, chifukwa lamulo loikidwa pa chilolezo liyenera kukhala ndi cholinga cha mapulani, ligwirizane moyenera ndi ntchito imene yaloledwayo, ndipo lisakhale lopanda mutu, pamene kugwetsa mashedi kunalibe chochita ndi kusungiramo mphira. Phula la msewu wonse ndi polisi zikanagwa pa muyeso womwewo, ndipo zikanapatsa kampaniyo mpata wothamangira ku khoti n'kukokera pansi ngakhale malamulo abwino aja. Ena anafunsa ngati tingatsutsenso chilolezo chachiwirichi. Loya anangotikumbutsa za Tesco: komiti inamva za zitsime, inaziika pa sikelo, ndipo kulemera kwake inagamula yokha.

Malo omwetsera mafutawo alipo lero, ndipo magetsi ake amawala m'chipinda changa usiku wonse moti ndinasokera makatani okhuthala. Chaka chilichonse mvula ikatha ndimatunga botolo la madzi a m'chitsime changa n'kupita nalo kukayezetsa, ndipo zotsatira zake ndimaziika m'failo yangayanga pamodzi ndi kope lija ndi chikalata cha malamulo asanu, chifukwa tsiku limene thanki inatsitsa mafuta cha m'ma 11 usiku ndinalemba kalata m'mawa mwake nditatchula nambala ya lamulo limene laphwanyidwa, ndipo sizinachitikenso. Kuyambira 2023 tili ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za m'maofesi a boma, ndipo ndikhulupirira kuti wofuna kuona failo masiku ano angalitchule m'kalata yake yoyamba m'malo mokhala pa benchi maulendo anayi. Nyuzipepala ndimagula katatu pa sabata ndipo ndimayambira ku tsamba la zidziwitso. Mwezi watha ndinapezamo nambala ya puloti ya mumsewu wa kuseri kwathu, yopemphedwa kuti isanduke malo ogona alendo okhala ndi bala. Ndinadula kachidutswako ndi lumo, ndinalemba tsiku lomaliza lotsutsira pamwamba pake ndi cholembera chofiira, ndipo ndinakapereka kwa amayi okhala moyang'anana ndi pulotiyo, amene anali asanamvepo kanthu.